Makutu Akamalira: Kabuku ka Mabanja a ku Petauke ndi Nyimba

Kukolola kukatha, zigayo za pa boma la Petauke, ku Minga, ku Nyimba ndi m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Great East zimalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mayi wobwera ndi tini imodzi ya chimanga amagayitsa n'kumapita. Amene amaswera momwemo ndi mnyamata wothira chimanga, khutu lili pafupi ndi injini, lero ndi mawa. Akaweruka madzulo makutu amamulira, ndipo mawu a anthu amamveka ngati akuchokera kutali. Kukacha zonse zimakhala zatha, iye n'kumati palibe kanthu.

Kanthu kalipo. Kulira kumeneko ndi khutu kudandaula kuti lapwetekedwa. Likapwetekedwa kambirimbiri, limafika poti kulirako sikuthanso, ndipo kumva kumene kwatayika sikubwerera. Kabuku aka tikulembera ogwira ntchito m'zigayo, owotcherera zitsulo, ocheka matabwa, ophwanya miyala, okumba golide cha ku Sasare, oyimba m'matchalitchi, komanso makolo onse.

## Kulira kwa m'makutu n'chiyani?

Ndi kumva phokoso m'khutu kapena m'mutu pamene kunja kulibe chimene chikulira. Ena amamva ngati nyenje za mu Okutobala, ena ngati likhweru, ena ngati injini ya patali. Achipatala amakutchula kuti tinnitus, ndipo mawu amenewa mukhoza kuwaona pa khadi lanu. Si matenda paokha ayi, koma chizindikiro choti china chake m'khutu sichili bwino.

Vutoli ndi lofala. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti pa akuluakulu 100 alionse padziko lapansi, pafupifupi 14 makutu amawalira, ndipo awiri mwa iwo amazunzika nako kwambiri.

Ambiri tinakula tikumva kuti khutu likalira ndiye kuti wina akukunena kwinakwake. Kulira kwa kanthawi kochepa, kobwera n'kutha kokha, kumachitikira aliyense ndipo sikoopsa. Koma kulira kwa tsiku ndi tsiku si miseche ya anthu, si kulodzedwa, ndiponso si chiyambi cha misala. Tikunena izi momveka chifukwa alipo amene amabisa vutoli zaka zambiri poopa kusekedwa, ndipo alipo amene adana ndi abale awo powaganizira ufiti, pamene gwero lake ndi injini imene akhala nayo pafupi kuyambira ali anyamata.

## Zimene phokoso limachita m'kati mwa khutu

Mawu akalowa m'khutu amagwedeza kang'oma kopyapyala. Kuseri kwake kuli timafupa titatu timene timapititsa kugwedezekako m'kati, ku kachiwalo kopindika ngati nkhono. M'kachiwalo kameneka muli madzi ndi timaselo taubweya pafupifupi 15,000. Timeneti ndi timene timatumiza uthenga ku ubongo kuti munthu amve.

Timaselo timeneti tili ngati chimanga cha m'munda mphepo ikawomba. Chimene changowerama chimadzuka pakapita masiku, koma chimene chathyoka chathyoka basi. N'chifukwa chake kulira kwa masiku oyamba kumatha munthu akagona, pamene kwa zaka zambiri sikutha. Thupi la munthu silimeretsa timaselo tina m'malo mwa timene tafa, ndipo palibe jakisoni, piritsi kapena muzu umene ungatidzutse. Ubongo ukasiya kulandira uthenga kuchokera pamene pawonongekapo, umayamba kupanga phokoso lakelake. Kulira kuja ndi kumeneko.

Choopsa n'chakuti zonsezi zimachitika popanda ululu ndi popanda magazi. Zimene zimayamba kutayika ndi mawu ang'onoang'ono okwera, choncho munthu amamva kuti wina akulankhula koma osazindikira bwino chimene wanena, makamaka pamsika kapena pamaliro pamene anthu ali ambiri. A kunyumba ndi amene amayamba kuona: "Bambo masiku ano mpaka kuwabwerezera kawiri."

## Zina zimene zimaliritsa makutu

Si phokoso lokha. Palinso izi:

- Phula lodzaza m'khutu. Ili ndi vuto losavuta, amachotsa kuchipatala.
- Matenda a m'khutu, makamaka khutu lotuluka mafinya.
- Kumenyedwa khofi pakhutu kapena kuvulala m'mutu. Khofi limodzi likhoza kuboola kang'oma kaja. Mwana asamenyedwe pakhutu, kunyumba kapena kusukulu.
- Kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi ndi matenda a shuga.
- Ukalamba.
- Mankhwala ena.

Nkhani ya mankhwala ndi yofunika kuimvetsa bwino. Akuluakulu amakumbukira mmene kwinini wa malungo ankaliritsira makutu. Kulira kwa kwinini kawirikawiri kumatha pakapita masiku ochepa munthu akamaliza mankhwala. Aspirin womwa wambiri amachitanso chimodzimodzi. Koma majakisoni ena, monga gentamicin, streptomycin ndi amikacin, akhoza kuwononga kumva mpaka kalekale. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangizira mu 2018 kuti jakisoni wa kanamycin asiye kugwiritsidwa ntchito pa TB yosamva mankhwala. Ngati makutu ayamba kulira muli pa mankhwala, musasiye nokha. Pitani mukauze anamwino tsiku lomwelo kuti iwo aone chochita. Ndipo musalole kubayidwa jakisoni ndi munthu wongogulitsa mankhwala m'mudzi.

## Phokoso lowononga ndi lotani?

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa 60. Kuwonongeka kumayamba munthu akakhalitsa pa 85 kapena kupitirira, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi imene khutu lingapirire imatsika ndi theka:

- 85: maola 8 pa tsiku
- 88: maola 4
- 91: maola 2
- 94: ola limodzi
- 100: mphindi 15

M'zigayo zambiri za dizilo phokoso limapitirira 90. Makina ochekera mitengo ndi girayinda yodulira zitsulo amafika cha pa 100 kapena kuposa. Kulira kwa mfuti kumapitirira 140, ndipo kamodzi kokha n'kokwanira kuwononga khutu. Taonani mnyamata wa kuchigayo uja: khutu lake likhoza kupirira ola limodzi kapena awiri, iye amakhalamo tsiku lonse.

Simufunika makina oyezera. Imani motalikirana ndi mnzanu mtunda wa dzanja limodzi. Ngati mukuchita kukuwa kuti akumveni, phokosolo ndi lowononga. Chizindikiro chachiwiri ndi cha pambuyo: mukachoka pamalopo makutu akulira kapena ali ngati otsekeka, dziwani kuti mwapyola muyezo.

## Zotsekera m'makutu

M'masitolo a zipangizo zomangira ndi ogulitsa zovala za pantchito amazitchula kuti ma earplug. Zilipo za mitundu itatu.

Zasiponji ndi zotsika mtengo ndipo zimatseka bwino zikalowetsedwa moyenera, koma sizikhalitsa. Zalabala zimakhala ndi timizere tozungulira, nthawi zambiri zolumikizidwa ndi kachingwe, ndipo zimatsukika. Zovala kunja, zotchedwa ma earmuff, zimaphimba khutu lonse. Izi mtengo wake ndi wokwererapo koma zimatha zaka, sizivuta kuvala, ndipo ndi zabwino kwa munthu amene manja ake amakhala a girisi kapena ufa. Pa phokoso lalikulu kwambiri, monga pophulitsa miyala kapena pocheka mitengo tsiku lonse, valani zonse ziwiri, zam'kati ndi zakunja.

Ngati kwanuko sizipezeka, sonkhanani ndalama anthu angapo, kapena kambiranani ku kopaletivu, mutume amene akupita ku Chipata kapena ku Lusaka akagule bokosi lonse. Zimatsika mtengo zikagulidwa zambiri.

### Kavalidwe ka zasiponji

Anthu ambiri amene amati zotsekera sizigwira ntchito amakhala kuti angozikhazika pakhomo pa khutu. Tsatirani izi, ndipo valani musanalize injini:

1. Sambani m'manja ndi sopo, mupukute. Ufa, dizilo ndi girisi zisalowe m'khutu.
2. Gubuduzani kasiponjiko pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala uku mukukafinya, mpaka kawonde kopanda makwinya.
3. Dutsitsani dzanja linalo pamwamba pa mutu, mugwire nsonga ya khutu, mulikokere m'mwamba ndi chakumbuyo. Mukatero njira ya khutu imawongoka. Apa ndi pamene ambiri amadumpha.
4. Lowetsani msanga kasanafufume.
5. Kagwireni ndi nsonga ya chala uku mukuwerenga pang'onopang'ono mpaka 30, kuti kafufumire m'kati.
6. Chitani chimodzimodzi khutu linalo.
7. Yesani ngati zalowa. Mawu anu omwe amveke akulu ndi obanika. Kenaka phimbani makutu ndi zikhatho: phokoso likatsika kwambiri, ndiye kuti sizinakhale bwino, chotsani muyambenso. Mnzanu akakuyang'anani kumaso asaone mbali yaikulu itatulukira kunja.
8. Pochotsa, potolozani pang'onopang'ono. Musazule mwamphamvu.

Zalabala safinya. Kokani khutu monga tanenera, mulowetse mozunguliza mpaka zitseke. Zovala kunja zikhudze khungu kuzungulira khutu lonse. Chipewa, duku kapena tsitsi zikalowa pansi pake, phokoso limadutsa pomwepo.

### Kasamalidwe

Zasiponji zikada, zikauma kapena zikasiya kufufuma, tayani. Zalabala tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda, ziume musanavale. Sungani m'kabotolo koyera kotseka, osati m'thumba la ovolosi limodzi ndi misomali ndi ndalama. Aliyense akhale ndi zake, chifukwa kubwerekana kumapatsirana matenda a m'khutu. Ikani patali ndi ana aang'ono, akhoza kumeza n'kutsamwa.

## Zolakwika zimene ambiri amachita

Kuika thonje. Kuno thonje timalima tokha, ndiye n'zosadabwitsa kuti ambiri amathamangira limenelo. Thonje limatchinga ufa ndi fumbi, koma phokoso limadutsa pafupifupi lonse. Pepala, kansalu ndi siponji ya matiresi n'chimodzimodzi, ndipo zidutswa zake zimatsalira m'khutu.

Kuchotsa kuti mumve kasitomala. Munthu akavula zotsekera mphindi 5 zokha pa ola lililonse injini ikulira, chitetezo chopitirira theka chimakhala chapita. Tulukani panja mukakambirane mtengo, kapena gwirizanani zizindikiro za manja. Ambiri akazolowera amapeza kuti mawu a munthu amamvekabe ali chivalire.

Kunena kuti "ndinazolowera". Khutu silizolowera phokoso. Ngati chigayo chimene chinkakusokosani chaka choyamba tsopano sichikusokosani, ndiye kuti kumva kwayamba kuchepa.

Kuganiza kuti mwachedwa. Amene makutu akulira kale ndiye ayenera kuteteza kwambiri kumva kumene kwatsala.

Kuvala mahedifoni a foni m'malo mwa zotsekera. Munthu amakweza nyimbo kuti ipose injini, khutu n'kulandira phokoso la zinthu ziwiri.

Kuvala zotsekera tsiku lonse pamalo abata. Izi zimakulitsa kulira kwa m'khutu. Valani pa phokoso pokha. Musavalenso poyenda pansi kapena pa njinga mumsewu waukulu, pamene muyenera kumva malole akubwera kumbuyo.

Kulowetsa zotsekera m'khutu lodwala. Ngati khutu likupweteka kapena likutuluka mafinya, yambani mwalandira chithandizo. Pakadali pano valani zakunja.

## Kuchepetsa phokoso pamene likuchokera

Zotsekera ndi chitetezo chomalizira. Choyamba ndi kuchepetsa phokosolo.

Eni zigayo ndi mashopu, udindo waukulu ndi wanu. Lamulo la Zambia la mu 2010 loona za umoyo ndi chitetezo pantchito linaika pa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo. Anyamata amenewa malipiro awo ndi ochepa, ndipo si chilungamo kuti pamwamba pake alipire ndi makutu awo.

1. Gulirani wantchito aliyense zotsekera, ndipo inunso muzivala kuti aone chitsanzo.
2. Bwezerani sailensa ya injini ikabooka. Mangani mabawuti olefuka, thirani girisi, sinthani mabeyaring'i otha.
3. Ngati n'kotheka, injini ikhale m'chipinda chakechake, khoma pakati, utsi uzitulukira kunja.
4. Antchito azisinthana, wina pa chigayo wina panja.
5. Ikani benchi la odikira panja, pamthunzi.

Amayi, musalowe m'chigayo mwana ali kumsana. Msiyireni mnzanu panja kapena perekani chimanga pakhomo. Mwana sangakuuzeni kuti khutu likumupweteka, ndipo zotsekera za akulu sizimukwana. Ana otumidwa kukagayitsa auzidwe kudikira panja.

Kuyambira chilala cha 2024, pamene magetsi ankazima maola ambiri, majenereta achuluka m'misika ndi m'nyumba. Ikani jenereta panja, kutali ndi pogona ndi pogwirira ntchito. Utsi wake umapha munthu m'nyumba yotseka, choncho kuitalikitsa kumateteza zambiri kuposa makutu.

Kutchalitchi, pa ukwati, pa kitchen party ndi pa mapemphero a usiku wonse, masipika amakwezedwa mpaka mawu kusweka. Nthawi zambiri amene amakhala pafupi nawo ndi ana, chifukwa ndiwo amakhala pansi kutsogolo. Akuluampingo ndi okonza mwambo, kwezani masipika pamwamba, muwatalikitse kwa anthu, ndipo tsitsani mawu mpaka munthu athe kulankhula ndi mnzake osakuwa. Uthenga umamveka bwino pamene makina sakuchita kung'ambika. Oyimba kiyibodi, oyimba ng'oma ndi oyendetsa makinawo avale zotsekera.

Za mafoni: WHO imati achinyamata opitirira 1 biliyoni ali pa chiopsezo cha kuwonongeka makutu chifukwa cha kamvetseredwe ka nyimbo. Musapitirire 60 pa 100 ya mphamvu ya mawu a foni, pumitsani makutu pafupipafupi, ndipo musagone mahedifoni ali m'makutu. Ngati amene mwakhala naye pafupi m'basi akumva nyimbo yanu, mwakweza kwambiri.

## Ngati makutu akulira kale

Yambani mwapita kukiliniki kuti akaone m'khutu ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi. Ngati gwero ndi phula, matenda kapena mankhwala, kulirako kukhoza kutha. Ngati ndi phokoso la zaka zambiri kapena ukalamba, mankhwala ochotseratu kulira kumeneku palibe. Musataye ndalama kwa ogulitsa timabotolo m'mabasi ndi m'misika. Komabe musataye mtima: kwa anthu ambiri, pakapita miyezi ubongo umasiya kusamala za kulirako, ndipo munthu amatha maola ambiri osakukumbukira.

Zothandiza ndi izi:

- Usiku ndi pamene kumavuta, chifukwa kunja kuli zii. Tsegulani wailesi motsitsa kwambiri, pansi pang'ono pa kulirako, osati mokuphimba.
- Muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Kutopa ndi nkhawa zimakulitsa kulira.
- Musamwe mowa kuti mugone. Tulo ta mowa sitipumitsa thupi, ndipo m'mawa kulirako mudzakupeza kulipo.
- Musadzipatule. Ntchito ndi kucheza zimachotsa maganizo pa khutu.
- Ngati kumva kwachepa, funsani za makina othandizira kumva. Kwa ambiri amachepetsanso kulirako.

M'khutu musathiremo mafuta ophikira, mafuta a galimoto, madzi a masamba kapena china chilichonse chimene achipatala sanakupatseni. Ngati kang'oma kabooka, zimenezi zimalowa m'kati n'kuwononga kwambiri. Musatokose ndi machesi, nthenga, kiyi kapena timitengo ta thonje, chifukwa zimakankhira phula m'kati.

A pabanja, mukhulupirireni wodwalayo ngakhale inu simukumva chimene iye akumva. Polankhula naye yambani mwamutchula, muyang'aneni kumaso, lankhulani momveka koma osakuwa. Musamutchule maina achipongwe, ndipo musalole ana kumuseka.

## Pitani kuchipatala msanga ngati

- khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi. Pitani tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amathandiza m'masiku oyambirira okha;
- kulira kukugunda mofanana ndi mtima;
- kulira kuli khutu limodzi lokha ndipo sikukutha;
- pali chizungulire chachikulu, kusanza, kapena nkhope yapotoka mbali imodzi;
- kwayamba mutavulala m'mutu, kapena m'khutu mukutuluka magazi, madzi kapena mafinya;
- pali kutentha thupi, mutu waukulu ndi kuuma khosi;
- mayi woyembekezera akumva kulira pamodzi ndi mutu kapena kutupa;
- kulirako kwamufikitsa munthu poganiza zodzipha. Musamusiye yekha, mperekezeni.

Mwana amene sadzidzimuka ndi phokoso lalikulu, satembenuka akaitanidwa, kapena wachedwa kulankhula, apite naye kukayezedwa osadikira kuti ayambe sukulu.

Yambirani pa kiliniki ya kwanu. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Petauke, ku Kalindawalo General Hospital, ku Minga Mission Hospital kapena ku chipatala cha boma cha Nyimba. Zofuna akatswiri a makutu zimapita ku Chipata Central Hospital kapena ku Lusaka, ku zipatala za UTH ndi Beit CURE, kumene amayeza kumva ndi makina, makamaka kwa ana. Musanyamuke ulendo wa ku Chipata kapena ku Lusaka opanda kalata yochokera ku chipatala chimene chakutumizani.

Popita tengani khadi lanu ndi mankhwala onse amene mukumwa, achizungu ndi achikuda omwe. Konzekerani kuyankha mafunso awa: kulirako kunayamba liti, kuli khutu liti, kumamveka bwanji, mumagwira ntchito yanji ndipo mwaigwira zaka zingati, ndiponso ngati munabayidwapo majakisoni a masiku ambiri. Ngati mwalembedwa ntchito pamalo a phokoso, pemphani kuti zotsatira za kuyezako zilembedwe, musunge pepalalo, chifukwa lidzafunika mukadzapita ku Workers' Compensation Fund Control Board kukafunsa za chipukutamisozi.